Labala Amene Amatinyamula: Masamu Obisika M'tayala la Chapa

(Nyimbo yotsegulira, kenako itsike pang'onopang'ono)

 Takumananso pa nthawi yathu yokambirana za sayansi. Nkhani yathu lero ndi ya labala.

Wina kumeneko waseka kale, akuti za labala n'zokambanso pa wailesi? Dekhani kaye. Thumba la makala limene latsika pa njinga m'mawa uno lamangidwa ndi mphira zodulidwa ku chubu chakale. Chapa (minibasi) chimene chanyamuka kupita ku Cuamba chaima pa matayala anayi a labala. Injini yake yakhala pa timapilo ta labala. Pansi pa milatho yambiri ya konkire pali zidutswa za labala zimene zasenza mlatho wonse. M'mjigo umene amayi atungapo madzi mbandakucha muli kalabala kochepa zedi, koma kakangong'ambika mudzi wonse umabwerera kudambo. Kuchipatala nako, magolovesi, timapaipi ta dilipi ndi makondomu ndi zinthu zofewa zimene ntchito yake ndi kutamuka popanda kuduka.

Funso langa ndi ili: ndani anagamula kuti khoma la tayala likhale lokhuthala chonchi, kapena kuti kalabala ka m'mjigo kakhale ndi mlomo wopindika mwakutimwakuti? Kale ankapanga, n'kuyesa, chikasweka n'kupanganso china. Masiku ano makampani akuluakulu amayamba aumba chinthucho m'kompyuta, n'kuchisenzetsa katundu momwemo, n'kuona pamene chiphwanyikire, chisanafike n'komwe ku fakitale. Ndikufuna tione mmene ntchitoyi imayendera, ndiponso pamene nzeru za kompyuta zimathera, chifukwa pamene zimatherapo ndi pamene miyoyo yathu ya kuno ku Niassa imayambira.

Tiyambe ndi chitsulo, poti n'chosavuta. Mu 1678, Mngelezi wina dzina lake Robert Hooke anasindikiza lamulo la masipuling'i: ukawirikiza kawiri mphamvu yokoka, kutalika kowonjezerako nako kumawirikiza kawiri. Sikelo ya mbedza imene ogula nyemba amapachikapo thumba imagwira ntchito pa lamulo limeneli. Chitsulo chimalimvera bwino, ngakhale kuti chimatamuka pang'ono chabe. Waya wachitsulo wamba wotalika mita imodzi sungamutalikitse ngakhale ndi sentimita imodzi kuti abwerere mwakale. Koma labala wabwino wotalika mita imodzi amafika mamita 5, 6, mwina 7, ndipo ukamusiya amabwerera. Lamulo la Hooke pa labala limangogwira poyambirira penipeni, kenako limasochera.

Amene muli pafupi ndi mphira ya chubu cha njinga, itengeni tiyese limodzi. Igwireni ndi manja awiri, muikoke pang'onopang'ono. Poyamba ikukana. Pakati yafewa, ikungotamuka mosavuta. Pitirizani. Kumapeto yalimbanso mwadzidzidzi, ikukana kwamtuwagalu. Ndiye kuti mphira imodzi yomweyo ili ndi kulimba kwa mitundu itatu, malinga ndi pamene yafika. Tsopano ibwezeni, muigunditse pa mlomo wam'mwamba kuti mumve kuzizira kwake. Ikokeni mwamsanga, n'kuigunditsanso pamlomopo. Mwamva? Yafunda. Isiyeni ibwerere msanga, muigunditsenso: yazizira. Zimenezi anazifotokoza koyamba John Gough, wasayansi wosaona wa ku England, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, ndipo naye anagwiritsa ntchito milomo yake. James Joule anadzaziyeza ndi zida m'zaka za m'ma 1850.

Chimachitika n'chiyani m'kati mwa mphirayo? Labala ndi timaulusi tatitali kwambiri tosaoneka ndi maso, topotanapotana, ndipo sitikhala phee, timangogwedezeka chifukwa cha kutentha. Taganizani za ukonde wa chilimila umene asodzi aunjika pamchenga. Mukagwira nsonga n'kukoka, poyamba mukungoongola zopindika, ndiye ukonde ukubwera mosavuta. Ulusi wonse ukaongoka, basi, mfundo zagwira, palibenso kotamukira. Labala ndi chimodzimodzi. Mfundo zakezo ndi zimene Charles Goodyear wa ku America anatulukira mu 1839, pamene anapeza kuti utomoni wa mtengo wa labala ukaphikidwa ndi sulufule umasiya kunanda pakatentha ndi kuuma gwa pakazizira. Sulufule ndiye amamanga timaulusito pamodzi. Kuda kwa tayala kumachokera ku mwaye wapadera umene amathiramo kuti lisamadyeke msanga, chifukwa utomoni weniweniwo ndi woyera.

(Nyimbo pang'ono)

Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukamba za mmene akatswiri amawerengera khalidwe la labala pa kompyuta.

Labala ali ndi makhalidwe atatu amene anazunguza mitu ya akatswiri a masamu kwa zaka zambiri. Loyamba ndi limene tayesa lija, loti kulimba kwake kumasintha pamene akutamuka.

Lachiwiri ndi loti labala amasintha maonekedwe koma sachepa. Mukaponda chidutswa cha labala, chimaphwatalala n'kutulukira m'mbali. Koma mutachiika m'kachitini kachitsulo kokwana ndendende, mopanda kothawira, mukhoza kuimikapo galimoto, sichingatsike kwenikweni. Kumufinya labala kuti achepe n'kovuta kuwirikiza nthawi zoposa 1,000 poyerekeza ndi kumupinda. N'chifukwa chake timapilo ta pansi pa mlatho satipanga ndi labala yekhayekha. Amasanjikiza labala wopyapyala, chitsulo, labala, chitsulo, n'kuziphika pamodzi. Zitsulozo zimaletsa labala kutulukira m'mbali, choncho kapiloko kamasenza matani ambirimbiri osaphwatalala, komabe kamalola mlatho kusuntha pang'ono cham'mbali ukatalika ndi dzuwa la mwezi wa Okutobala n'kufupika ndi chisanu cha mu Juni.

Lachitatu ndi loti labala sabweza mphamvu yonse imene wapatsidwa. Mukamupinda n'kumusiya, gawo lina la mphamvuyo limatsala m'kati, n'kusanduka kutentha. Amasunganso mbiri ya zimene zamuchitikira. Baluni yatsopano imavuta kuuzira, koma kachiwiri imafufuma mosavuta. Leonard Mullins wa ku Britain anafufuza kufewa kumeneku kuyambira m'zaka za m'ma 1940, ndipo mpaka lero kumatchulidwa ndi dzina lake. Labala akasenza katundu nthawi yaitali amapitirira kuphwatalala pang'onopang'ono, ndipo akakalamba amauma n'kuchita ming'alu chifukwa cha dzuwa ndi mpweya. Khalidwe lachitatuli mulisunge, tilifunanso posachedwa.

Kuti kompyuta iwerengere chinthu, pamafunika chiganizo cha masamu chonena kuti labala akatamuka mwakuti, m'kati mwake mwasungika mphamvu yochuluka mwakuti. Melvin Mooney wa ku America analemba chiganizo chotere mu 1940, ndipo Ronald Rivlin anachikulitsa mu 1948. Chiganizo cha awiriwa chimangofuna manambala awiri, ndipo chimalondola labala akatamuka mosapitirira kwambiri. Mu 1944, Leslie Treloar wa ku England anatenga labala wachilengedwe n'kumuyesa m'njira zitatu: kumukoka mbali imodzi, kumukoka mbali ziwiri nthawi imodzi monga zimachitikira pa baluni, ndi kukoka chidutswa chachifupi koma chotambalala kwambiri. Manambala amene anapeza akugwirabe ntchito lero. Aliyense wobwera ndi chiganizo chatsopano amayamba wachiyesa pa manambala a Treloar. Mu 1972, Raymond Ogden anapeza chiganizo chimene chimatsata labala mpaka kumapeto kwa kutamuka kwake, koma nthawi zambiri chimafuna manambala 6. Mu 1993, akatswiri awiri achizimayi a pa sukulu ya MIT ku America, Ellen Arruda ndi Mary Boyce, anamanga chiganizo chawo kuchokera pa timaulusi tija, ndipo mayina awo ali m'mapulogalamu akuluakulu a uinjiniya amene dziko likugwiritsa ntchito. Atsikana a ku sekondale amene mukumvera, mayina awiriwo muwalembe penapake.

Komabe chiganizo pachokha chimangotiuza za kachidutswa kamodzi kooneka bwino. Tayala ndi chinthu chozungulira, chokhala ndi mizere, mawaya achitsulo, ulusi wa nayiloni ndi mitundu ingapo ya labala. Palibe munthu angaliwerengere lonse ndi pensulo. Apa ndi pamene panabwera njira imene mainjiniya amaitchula kuti finite element method. Inakula m'zaka za m'ma 1950 pakati pa opanga ndege, ndipo Ray Clough wa ku yunivesite ya California ku Berkeley ndiye anaipatsa dzinali mu 1960. Nzeru yake ndi yoti chinthu chachikulu chovuta uchigawe m'timagawo ting'onoting'ono tosavuta, uwerengere kagawo kalikonse, kenako ulumikize mayankho onse m'makona mmene timagawoto takumana.

Tiyeni timutsatire injiniya pa ntchito yake. Choyamba sayatsa kompyuta. Amapita m'chipinda choyesera, n'kudula kachidutswa ka labala yemweyo amene akufuna kupangira tayala, kopyapyala pakati, kotambalala kunsonga. Makina amagwira nsonga ziwirizo n'kumakoka, uku akulemba mphamvu ndi kutalika. Amakakoka kangapo kaye kuti kufewa kwa Mullins kuja kuthe. Amayesanso njira zina zija za Treloar, chifukwa manambala otengedwa pa kukoka kwa mbali imodzi yokha amatha kunamiza pamene labala akufinyidwa. Akatero amasankha chiganizo, n'kufunafuna manambala amene achititse kuti mzere wa masamu ugone pamwamba pa mzere wa makinawo.

Chachiwiri amajambula tayala m'kompyuta n'kuligawa m'timagawo, nthawi zina zikwi mazanamazana. Pamene akukayikira kuti pavuta, monga m'mphepete mwa malamba achitsulo, amaika timagawo ting'onoting'ono kwambiri. Amasankhanso mtundu wa timagawo wopangidwira zinthu zosachepa zikafinyidwa, chifukwa timagawo wamba timauma gwa pa labala, ndipo kompyuta imanena kuti tayala ndi lolimba kuposa mmene lilili.

Chachitatu amauza kompyuta za moyo umene tayalalo likakhale: mpweya wochuluka bwanji, katundu wolemera bwanji, liwiro lotani, msewu wotani, kutentha kotani. Kompyuta siika katundu yense kamodzi. Imaika pang'ono, n'kuwerengera mmene tayala lapindikira, n'kukonza yankho mobwerezabwereza mpaka mphamvu zonse zitalingana, kenako n'kuonjezera katundu wina. Pamapeto pake pagalasi pamatuluka chithunzi cha tayala chamitundumitundu. Pobiriwira ndi pamtendere, pofiira ndi pamene labala akuzunzika. Injiniya amasintha pofiirapo, n'kuyesanso. Zikamukhutiritsa, ndi pamene amapanga tayala lenileni n'kulizunguza pa makina mpaka litaphulika, kuti aone ngati kompyuta inanena zoona.

(Nyimbo pang'ono)

Tabwereranso, omvera. Tsopano tichoke ku fakitale, tibwere pamsewu wathu.

Masamu ena tikhoza kuwachita tokha pano. Tayala la minibasi likazungulira kamodzi limayenda mamita opitirira pang'ono 2. Ndiye kuti pa kilomita imodzi limazungulira nthawi pafupifupi 460. Kuchoka kuno ku Lichinga kutsetserekera ku Metangula, ulendo wa makilomita opitirira pang'ono 100, khoma la tayala limapindika n'kuongoka nthawi zoposa 46,000. Ulendo wa ku Cuamba pa msewu wa N13, umene ndi wa makilomita pafupifupi 300, ndi nthawi zoyandikira 140,000. Galimoto ikamathamanga makilomita 80 pa ola, kupindikaku kukuchitika kakhumi pa sekondi iliyonse. Kumbukirani khalidwe lachitatu lija: kupindika kulikonse kumasiya kutentha m'kati. Labala satulutsa kutentha msanga, choncho kumaunjikana m'malo okhuthala, makamaka m'mapewa mwa tayala mmene mwathera malamba achitsulo.

Chimene chimasenza katundu kwenikweni ndi mpweya. Tayala likasenza makilogalamu 700 pa mpweya wa ma bar 4 pa geji, malo amene lagunda pansi amakhala pafupifupi masikweya sentimita 175, ochepera pa tsamba la kope la kusukulu. Mpweya ukatsika kufika ma bar 2, tayala liyenera kuphwatalala mpaka malowo atakula pafupifupi kawiri kuti lisenze katundu yemweyo. Khoma likupindika kwambiri, kutentha kukuchuluka, ndipo guluu wogwira labala ku mawaya akufooka. Mukaonjezapo matumba a mbatatesi padenga ndi anthu opitirira mipando, mwaunjika mavuto awiri pa tayala limodzi. Anthu ambiri amaganiza kuti tayala limaphulika chifukwa cha mpweya wochuluka, ndiye ena amachotsako mpweya nyengo yotentha. Nthawi zambiri lophulika pa liwiro ndi limene linali ndi mpweya wochepa kapena katundu wopyola muyeso.

Zimenezi zinachitikapo ngakhale kumene kuli makompyuta amphamvu. Mu Ogasiti 2000, kampani ya Firestone inaitanitsa matayala pafupifupi 6.5 miliyoni ku America, ambiri mwa iwo a pa galimoto za Ford Explorer, chifukwa chikopa chakunja chinkasupuka galimoto ili pa liwiro. Anthu oposa 200 anafa pa ngozi zimenezo. Zambiri zinachitika m'madera otentha, ndipo vutoli linali litaoneka kale ku Saudi Arabia ndi ku Venezuela. Makampani awiriwa anakangana kwambiri, wina akuloza kapangidwe ka tayala, wina akuloza mpweya wochepa umene unalembedwa pa galimotoyo. Palinso nkhani ya chombo cha mlengalenga cha Challenger, chimene chinaphulika pa 28 Januwale 1986, patangotha masekondi 73 chinyamukireni, n'kupha anthu 7. Gwero lake linali mkombero wa labala wotseka mpata pakati pa zigawo za roketi. M'mawa umenewo kunazizira kuposa tsiku lina lililonse limene chombo chotere chinanyamukapo, labala anauma, sanabwerere msanga kutseka mpatawo, moto n'kudutsa.

Phunziro la nkhani ziwirizi ndi limodzi. Kompyuta imayankha funso limene yafunsidwa, pogwiritsa ntchito manambala amene yapatsidwa. Ngati inauzidwa za labala watsopano, msewu wosalala ndi katundu woyenera, yankho lake ndi la zimenezo basi. Sidziwa za tayala limene linayenda kale zaka zambiri kudziko lina lisanafike pamsika wathu. Sidziwa za zigamba zitatu zimene lamatidwa, kapena mizere yatsopano imene wina wagoba ndi mpeni pa tayala lotha. Sidziwa za miyala yakuthwa ya m'misewu yafumbi yopita kumidzi, ngakhale za galimoto imene yanyamuka m'chisanu cha kuno kumtunda, mamita oposa 1,300 pamwamba pa nyanja yamchere, n'kukafika masana m'kutentha kwa m'mphepete mwa nyanja ya Niassa.

Chimene akatswiriwo anawerengera anatilembera pakhoma la tayala, kungoti ambiri sitiwerenga. Bambo dalaivala, mukaima pa siteji, gwadani muyang'ane. Pa matayala ambiri a minibasi mupeza manambala monga 106/104. Nambala 106 ikutanthauza kuti tayala limodzi lisapyole makilogalamu 950, ndipo 104 ikutanthauza makilogalamu 900 ngati matayala aikidwa awiriawiri. Malire amenewo ndi a tayala lopopedwa mokwanira. Fufuzaninso pamene palembedwa zilembo za DOT. Kumapeto kwake kuli manambala anayi: awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka. Mukaona 2319, tayalalo linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Kampani ya Michelin imalangiza kuti tayala likakwana zaka 5 liziunikidwa ndi katswiri chaka chilichonse, ndipo likakwana zaka 10 lichotsedwe ngakhale mizere ikuoneka yabwino. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Musanapereke ndalama pa tayala la kaunjika, lifunseni zaka zake, lidzakuyankhani lokha.

Tisiye msewu, tipite pamjigo. Mijigo yambiri m'midzi yathu ndi ya mtundu wa Afridev. Mbiri yake inayambira kwa anansi athu ku Malawi, kuchigwa cha Livulezi, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo inakonzedwanso bwino ku Kenya. Anaupanga mwadala kuti anthu a m'mudzi azitha kuukonza okha ndi sipanala imodzi ndi ndodo yokowera. Amayi ndi abambo a m'komiti ya madzi mukudziwa zimene mumapeza mukasolola ndodo zonse: kumapeto kuli kapulasitiki kokankha madzi, ndipo kavala kalabala kozungulira kokhala ndi mlomo. Chogwirira chikatsika, ndodo zimakwera, madzi amakankha mlomowo kuti ukanirire kukhoma la silinda, ndipo madzi amakwera. Mlomo ukakhala wolimba kwambiri, mjigo umalemera ndipo labala amadyeka msanga. Ukakhala wofewa kwambiri, umapindika n'kulola madzi kubwerera pansi, mwana n'kumapopa mpaka thukuta ndowa isanadzaze. Kupeza pakatikati pa ziwirizi ndi funso lenileni la masamu amene takambawa. N'chifukwa chake kalabala kosemedwa ku tayala lakale, ngakhale kangatipulumutse masiku angapo, sikafanana ndi koyenera kamene kanapangidwa ndi labala wa mtundu wake ndi muyeso wake. Komiti yanzeru imagula timalabala timeneti tisanafunike, n'kumatisunga pamthunzi, kutali ndi dzuwa ndi mafuta.

Masamu omwewa amagwiranso pa thupi la munthu, chifukwa khungu, mnofu ndi mitsempha nazo ndi zofewa ndipo sizimvera lamulo la Hooke. Dziko lathu la Mozambique linalengeza mu Seputembala 2015 kuti lamaliza kuchotsa mabomba okwirira m'malo onse odziwika, koma abale athu amene anaduka miyendo tili nawo, pamodzi ndi ovulala pa ngozi za njinga zamoto. Mwendo woikirira ukamapana malo amodzi umatulutsa chilonda. Akatswiri a m'mayiko ena amawerengera pa kompyuta mmene mnofu upanikizikire m'chibowo cha mwendowo asanachiumbe. Amachitanso chimodzimodzi pa mapilo a njinga za olumala ndi matilesi a odwala ogona nthawi yaitali.

(Nyimbo pang'ono)

Omvera, labala si mlendo m'dziko lino. M'nthawi ya Companhia do Niassa, imene inapatsidwa dera lino mu 1891 n'kulisiya mu 1929, makolo athu ankatema mitengo yoyanga ya m'tchire n'kusonkhanitsa utomoni wake, ndipo unkatumizidwa kunja uli wosakonza. Kutsidya kwa nyanja, ku Nkhata Bay, esiteti ya Vizara ikukamabe mitengo ya labala mpaka pano. Ku Maputo kunali fakitale ya matayala ya Mabor, imene inatseka kalekale. Lero matayala, mabushi ndi timalabala ta m'mijigo timadikira kuti zichokere kutali, zitawerengeredwa ndi anthu amene sanapondepo fumbi la kuno. Utomoni tinali nawo, manja tili nawo. Chimene chakhala chikusowa ndi kuyeza ndi kuwerengera.

Chosangalatsa n'choti khomo limeneli latseguka kuposa kale. Mapulogalamu otchuka monga Abaqus ndi Ansys ndi okwera mtengo, koma alipo ena aulere: CalculiX wochokera ku Germany, Code_Aster wa kampani ya magetsi ya ku France, ndi FEBio wa ku yunivesite ya Utah, amene anapangidwira minofu ndi zinthu zofewa. Kalabala ka m'mjigo kapena bushi ya galimoto sizifuna kompyuta yaikulu, laputopu wamba imakwanitsa. Kuyesa koyamba nako sikufuna zida zodula. Mphira ya chubu, msomali wopachikapo, lula, ndi mabotolo a madzi, poti lita imodzi imalemera kilogalamu imodzi, n'zokwanira kuti kalasi ijambule mzere wa kutamuka kwa labala n'kuona ndi maso pamene lamulo la Hooke lathera. Aphunzitsi a fizikisi ku sekondale ya Paulo Samuel Kankhomba ndi m'sukulu zina za m'maboma, phunziro limeneli likukwana mu ola limodzi. Ophunzira a ku Instituto Industrial e Comercial Ngungunhane ndi a ku Universidade Rovuma, mafunso ofufuza ali pakhomo panu: mphira yokhala padzuwa la kuno miyezi itatu imafooka motani? Timalabala ta m'mijigo togulidwa m'masitolo osiyanasiyana timalimba mofanana? Mayankho a mafunso otere palibe adzatibweretsere kuchokera kunja. Ndipo musanyoze akatswiri okonza matayala m'mbali mwa msewu. Iwo aona matayala ophulika ochuluka kuposa injiniya aliyense wa mu ofesi, ndipo amadziwa pamene amayambira kung'ambika. Wophunzira wanzeru ayambe wakhala nawo pansi asanatsegule laputopu.

Ndisanatsanzike, ndisiye mawu kwa aliyense. Madalaivala ndi eni magalimoto, gulani geji, muziyeza mpweya m'mawa matayala asanatenthe, ndipo muzitsata nambala imene opanga galimoto analemba, osati kumenya tayala ndi chitsulo n'kumvera kulira kwake. Mukaima panjira n'kupeza tayala limodzi latentha kuposa anzake, musapitirire ulendo musanadziwe chifukwa chake. Apaulendo, mukaona tayala lotupa pambali, la ming'alu kapena loonetsa mawaya, muli ndi ufulu wotsika n'kudikira galimoto ina. Makomiti a mijigo, musadikire kuti madzi asiye kutuluka, sinthani kalabala nthawi yake ikakwana. Makolo, mwana amene amakonda masamu mulimbikitseni, kaya ndi wamkazi kaya wamwamuna, chifukwa dera lino likufunika anthu ake odziwa kuyeza ndi kuwerengera zinthu zimene zimatinyamula.

 Tikumanenso sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino. Tsalani bwino, ndipo amene muli paulendo muyende bwino.

(Nyimbo yotsekera)